Zala Zitatu pa Ndodo ya Abambo

"Ngozi basi, mayi," anatero a sajeni osadzutsa n'komwe mutu pa kabuku kawo. "Galimoto yakale, ngolo yolemera, dalaivala wokalamba. Mukufuna timange ndani pamenepa? Mtsetse?"

Ndikanakhala ndi sipanala m'manja, bwenzi nkhaniyi ndikuisimbira kundende. Dalaivala wokalamba ankanenedwayo anali abambo anga, ndipo panali patangopita masiku atatu chiwaikireni.

Abambo anthu ankawatchula kuti a Giyawani. Zaka makumi atatu anakoka ngolo ndi pikapu yawo yobiriwira ija, ndipo palibe tsiku limene anatsika mtsetse pa giya ina kupatula giya wani. Ngakhale anjinga ankawapitirira akuwaseka. Iwo ankangotulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Pitani, tikupezani kuchipatala." Munthu woteroyo ndiye akuti anagubuduka chifukwa chosasamala. Mawuwo ndinawaona ndi maso angawa m'kabuku ka a sajeni: kusasamala kwa dalaivala.

"Ndikufuna ndione galimotoyo," ndinatero.

"Amayi, tiyeni kunyumba," anatero amuna anga atandigwira paphewa. "Mungodzipweteka mtima. Apongozi anapita basi."

Ine ndi amuna anga tinkagwira ntchito mu galaja ya abambo, iwo ku mabuleki ndi ma injini, ine kowotcherera. Ankandidziwa bwino kuti ndikati ndione, ndiona. Anandisiya.

Pikapu inali kuseri kwa polisi, denga litaphwanyikira mkati, ngolo ili chagada pambali pake. Kutsogolo kumene anafera abambo sindinayang'aneko, mtima ukanandikana. Ndinapita kumbuyo n'kugwada pa chokolekera.

Kwa amene sanakokepo ngolo, nkhani yake ili motere. Kumbuyo kwa galimoto kuli mpira wachitsulo, ndipo mkono wa ngolo umavala pa mpirawo ngati chipewa. Ngolo yopakidwa bwino imatsamira kutsogolo, imapsinja mpirawo, galimoto n'kukhalako pansi pang'ono. Koma katundu akalemera kumbuyo, mkono umafuna kudzuka. Pamalo osalala ngolo yotero imangogwedeza mchira. Pamtsetse imagwedeza mpaka iyo ndiyo imayamba kuyendetsa galimoto.

Ndinapaka chala pamwamba pa mpira. Girisi anali akadali wambiri, wakuda bii. Ndinapisa chala kunsi kwake. Kunali kopalika, kowala ngati supuni. Ngoloyo inakhala ikukokera m'mwamba ulendo wonse.

"A sajeni, katundu analemera kumbuyo."

"Eya, si ndanena? Anapakira molakwika."

"Abambo sakanapakira molakwika."

Sindinkanena mwachisoni chabe ayi. Kuseri kwa mpando wawo abambo ankasunga ndodo yokhala ndi mzere wosema ndi mpeni. Akapakira, ankaimika ndodoyo pansi pafupi ndi bampala. Bampala ikatsika kufika pamzere, ndiye kuti katundu wakhala bwino. Ng'ala itayamba kuwavuta diso limodzi, anasiyiratu kukhulupirira maso, mzerewo ankaupapasa ndi chala chachikulu. Mawu awo anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku: maso amanama, ndodo sinama.

"Zinthu zimene zinali m'galimotomu zili kuti?"

"M'kabati. Kiyi ali ndi abwana. Mubwere Lachinayi."

Ndinadzuka ndi girisi m'manja. Pamenepo ndinalumbira mumtima, osati mwaulemu ayi, kuti amene anasokoneza katundu wa abambo ndidzamupeza, ndipo adzalira misozi yoposa imene analira amayi anga.

* * *

Tsiku la ngozilo abambo ananyamula injini yaikulu yopopera madzi, yotsekeredwa m'bokosi lamatabwa, kuchokera kunyumba yosungiramo katundu ya kampani ina. Kapitawo wa kumeneko atangondiona pageti anayamba kudzikana ndisanamufunse kanthu.

"Ine ayi, achemwali, ine ayi! Ine ndinanena! Afunseni onse amene anapakira. Ndinati, madala, bokosili lapita kumbuyo kwambiri. Ndinanena kawiri. Katatu kumene!"

"Munapakira bwanji?"

"Monga mwa masiku onse. Tinaika mapaipi pansi pa bokosi n'kumalikankha, iwo ali kumbuyo kwa galimoto ndi ndodo yawo. Akuti bwezani, tikubweza. Bwezaninso, tikubwezanso. Kenako akuti basi, pamenepo. Ine n'kuti, koma madala. Iwo n'kuti, mwana iwe, bokosi lotseka sudziwa kumene kuli chitsulo chambiri, maso amanama. Ndiye ine ndikanatani? Munthu anayamba kukoka ngolo ine ndikuyamwa!"

"Atamanga maunyolo, anachokapo pangolo?"

"Ngakhale kupita kokataya madzi ayi. Anamanga okha, anasaina, ananyamuka."

Zinandisokoneza mutu. Ndinabwera ndikuganiza kuti wina anasuntha bokosi abambo atatembenuka, koma apa zinaoneka kuti analiika pamalo olakwikawo ndi iwo eni, atayeza.

"Kunalinso ndani pano?"

Kapitawo anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Musati mwamva kwa ine. Kunali Chimimba. Ntchito imeneyi ankaifuna iyeyo, abwana n'kuipereka kwa madala. Anatukwana pano mpaka agalu anathawa. Anati kagalimoto kako kophwasukako sikakafika, uona. Madala atatuluka, patapita kanthawi nayenso analiza lole yake n'kuwatsatira."

Chimimba ndinkamudziwa. Ankakoka ngolo nayenso, ndipo zaka khumi ndi zisanu iye ndi abambo sankapatsana moni.

* * *

Pamwamba pa mtsetse, msewu usanayambe kutsika, pali kashedi ka mkulu wina womata matayala. Ndi wogontha khutu limodzi ndipo nkhani saifulumira. Ndinamupeza akumiza chubu m'beseni.

"A Giyawani? Ee. Anaima pano. Ankaima nthawi zonse, kuziziritsa mabuleki asanatsike. Anthu a masiku ano saima. Dzana lomweli kunadutsa basi inayake..."

"Agogo, za abambo."

"Ndikubwera komweko. Tsiku limenelo anatsika nkhope itakwinya. Akuti, mnzanga, ngolo ikundivinira. Ine ndinaionadi ikubwera uko, ikuchita chonchi." Anagwedeza dzanja lonyowa uku ndi uku. "Anatenga kandodo kawo kaja. Anagwada. Anayeza. Anadzuka, anazungulira ngolo, anagwadanso, anayezanso. Akuti, katundu ali bwino, ndodo yavomera, ndiye kuti ndi mpweya. Ndinawapopera matayala onse anayi. Sindinawalipiritse."

Ndinakhala pansi pa tayala lakutha. Abambo anamva kuti china chake chalakwika. Thupi lawo linawauza, msana wawo unawauza. Anafunsa ndodo kawiri ndipo ndodo inawauza kuti pitani.

"Chimimba munamuona?"

"Nani?"

"Chimimba!"

"Ee, wamimba uja. Anadutsa a Giyawani atangoyamba kutsika. Ankaliza hutala ngati wapenga. Kenako ndinamva chiphokoso kumunsi uko. Sindimamva bwino ine, koma chimenecho ndinachimva."

Ndinabwerera ku galaja, ndinatenga sipanala yaikulu ya mawilo, ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika m'chikwama.

* * *

Chimimba ndinamupeza kunsi kwa lole yake, miyendo yokha ili panja. Ndinamenya chitseko cha lole ndi sipanala mpaka galasi linanjenjemera.

"Tulukani, a Chimimba! Munawathamangitsa abambo anga pamtsetse!"

Anatuluka chokwawa, anayang'ana sipanala, anayang'ana ine. Sanathawe. Anakhala pansi pafumbi n'kutambasula manja ake. M'zikhatho monse munali mabala a magalasi, ena akadali ndi ulusi wakuchipatala.

"Menya, mwana iwe. Menya pamutu pomwepa. Koma uyambe wafunsa amene anang'amba chitseko ndi manja awa n'kuwatulutsa bambo ako. Apolisi? Apolisi anafika magazi atauma!"

"Munkawalizira hutala."

"Ndinkawauza kuti aime, chitsiru iwe! Ndinali kumbuyo kwawo, ngolo ndikuiona ikuvina. Ndinaliza hutala, ndinathwanimitsa magetsi, ndinakuwa mpaka mawu kutha. Koma munthu amene wakhala akukutukwana zaka khumi ndi zisanu akakulizira hutala, umati chiyani? Umati akundiseka." Anapukuta mphuno ndi mkono. Chimunthu chachikulu chonchija chinkalira ngati mwana. "Ndinkadana nawo bambo ako, eya, ndikuvomera. Ankandilanda ntchito chifukwa sankagwetsa katundu. Koma ukandiuza kuti Giyawani anapakira molakwika, ndikuuza kuti nkhuku yabereka mbuzi."

Sipanala inandilemera m'manja. Ndinaitsitsa.

"Usayang'ane kwa ine," anatero. "Yang'ana m'nyumba mwanu. Kutatsala sabata imodzi kuti ngozi ichitike tinakumana kogula mafuta, bambo ako n'kundiyankhula, koyamba m'zaka zonsezi. Anandifunsa ngati ndinagulapo mabuleki ku galaja kwanu. Ndinati ndingafe. Iwo anati wachita bwino, muli khoswe mmenemo amene akutenga mabuleki akutha, kupaka penti, n'kumaika m'maminibasi onyamula anthu ngati atsopano. Anati mwezi ukamatha amuthamangitsa ndipo akamusiya ku polisi okha ndi manja awo."

"Anamutchula dzina?"

"Anangoti khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma uyu aphedwa, mkhate usweke usweke."

Mu galaja mwathu tinkagwiramo anthu atatu. Mmodzi anali m'manda. Wina ndinali ine.

* * *

Lachinayi a sajeni anandikhuthulira thumba la pulasitiki patebulo. Chipewa cha abambo, botolo lawo la tiyi lophwanyika, magalasi a diso limodzi losweka, ndi ndodo.

"Sainani apa. Mwachita bwino kubwera nokha, amuna anu atitopetsa."

"Amuna anga?"

"Abwera kawiri. Tsiku lotsatira ngozi ija, ndi dzana. Akuti tipatseni ndodo yokha, ndi chikumbutso cha apongozi. Ndinawauza kuti wosaina ndi mwana kapena mkazi wa malemu. Mkamwini wokonda apongozi chonchi sindinamuonepo."

Ndinanyamula ndodoyo. Kutalika kwake kunali komweko, kuda kwake komweko, kununkha oyilo chimodzimodzi, mzere uli pamalo pake. Kenako ndinaitembenuza.

Ndili mwana, chaka chilichonse tsiku langa lobadwa abambo ankandiimika pakhoma la galaja, kuimika ndodo ija pambali panga n'kusema kakadontho kuseri kwake pamene pafika mutu wanga. Anachita zimenezo mpaka ndinaipitirira ndodoyo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Timadonthoto tinali titadzaza ndi girisi, munthu wosadziwa sakanationa. Ine ndinkatipeza ngakhale nditatsinzina.

Ndinayendetsa chala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kuseri kwa ndodoyo kunali kosalala see.

"Mayi, muli bwinobwino?"

"Ndili bwino, a sajeni. Iyi si ndodo ya abambo anga."

* * *

Pamaliro, amuna anga ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti iwo kunalibe. Anachoka Lolemba kukagula zitsulo kutali, ngozi inachitika Lachitatu, anabwera uthenga utawapeza. Tikiti ya basi ankaionetsa ngati chithunzi cha ukwati. Nthawi imeneyo ndinkati ndi chisoni chikuwayankhulitsa. Tsopano ndinaona kuti munthu angathe kupha mnzake Lamlungu masana ndi kampeni, wophedwayo n'kukafa Lachitatu, wakuphayo ali pa basi akudya nthochi.

Ndodo yeniyeni sakanaitaya. Ankafuna adzaibwezere m'galimoto ngozi ikachitika, n'chifukwa chake ankavutitsa apolisi. Tsiku lotsatira atapita kukayesa minibasi ya kasitomala, ndinatseka geti n'kusanthula galaja yonse. Kuseri kwa madiramu ndinapeza katoni ya mabuleki akutha ndi kachitini ka penti yakuda. Ndodo ndinaipeza m'kati mwa paipi yakale ya utsi imene inapachikidwa kudenga. Nditaitembenuza, timadontho tanga tonse tinali pomwepo.

Ndinaziika ziwirizo pamodzi pabenchi. Mzere wa yabodza unali pamwamba ndi zala zitatu. Zala zitatu basi! Ndi mzere umenewo bampala inkafika msanga, ngolo isanatsamire kutsogolo, ndipo abambo akakankhira bokosi pamalo oyenera, ndodo inkawauza kuti mwapitirira, bwezani.

Ndinalira pamenepo, kulira koipa kokhala ndi mamina. Munthu ameneyu abambo anamutola alibe ngakhale sipanala imodzi, anamuphunzitsa ntchito, anamupatsa mwana wawo. Anadziwa kuti mdalayo maso akumuthera, n'kutenga chinthu chokhacho chimene ankachikhulupirira n'kumuphera chomwecho. Ndiye usiku n'kumandisisita pamsana kuti pepani amayi!

Ndinathamanga nazo kwa a sajeni. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ulendo uno kabuku atakatseka.

"Ndakumvani, mayi. Koma ndodo ziwiri si umboni. Mu galajamo mumalowa nonse. Loya wake adzati munasema ndinu. Pafunika zituluke pakamwa pake."

"Zituluka," ndinatero.

* * *

Galimoto zakale sizifa msanga. Apolisi atatibwezera pikapu, ndinapeza kuti tchesi, chitsulo chonyamula thupi lonse la galimoto, ndi masipuling'i zinalibe vuto. Ndinauza amuna anga kuti ndikufuna ndiidzutse, ikhale chikumbutso.

"Maganizo abwino, amayi," anatero. Masiku amenewo ankayenda akuimba mluzu mu galaja, atakhala kale pampando wa abambo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Zinatitengera masabata asanu ndi limodzi. Iwo anakonza injini ndi mabuleki, ndipo ndinaonetsetsa kuti aika atsopano enieni. Ngolo ndinaiwongola. Denga ndi zitseko ndinakonza ndekha, sindinalole munthu kundithandiza. Masabata onsewo ndinkawaphikira, ndinkawachapira, ndinkagona pambali pawo ndikumva mpweya wawo, ndipo chakudya chinkandiwawa m'kamwa. Kawiri konse ndinawaona atakwera pa diramu akusuzumira m'paipi ija. Ankatsika nkhope itagwa, koma sakanandifunsa. Ungafunse bwanji chinthu chimene ukuti sukuchidziwa?

Injini yopopera madzi ija sinawonongeke pangozi, inabwezedwa kosungira katundu, ndipo mwini wake ankaifunabe. Ndinakapempha ntchitoyo. Kenako pa chakudya cham'mawa, amayi anga ali pomwepo, ndinati:

"Bambo, ulendo umene abambo sanaumalize, muumalize ndinu. Mwamuna watsala pakhomo pano ndinu."

Amayi anayamba kulira, akuti zoona mwananga, akanakondwa malemu. Amuna anga anameza tiyi movutikira n'kuvomera.

* * *

Kosungira katundu, amene anagwada pa bampala ndinali ine, ndodo yabodza ili m'manja.

"Bwezani," ndinauza opakira. Bokosi linagubuduka pamapaipi. "Bwezaninso. Basi, pamenepo."

Kapitawo anatsegula pakamwa. Ndinamuyang'ana kamodzi, anatseka.

"Amayi," anatero amuna anga, "likuoneka ngati lapita kumbuyo pang'ono."

"Maso amanama, bambo. Bwerani mupapase nokha. Si ndodo imene munkailirira ku polisi ija?"

Anagwada, anapapasa mzere. Thukuta linali litayamba kale kuwatsika m'khosi ngakhale kunja kunali kozizira. Maunyolo ndinamanga ndekha n'kukhoma ndi loko, kiyi ndinaika m'thumba la ovolosi. Kenako ndinatsegula chitseko n'kukhala kumpando wa wokwera.

"Inunso mukupita?"

"Ndikusiyeni nokha pa ulendo wotere?"

Tinanyamuka. Mpaka potuluka m'tauni zinali bwino. Titafika pamsewu waukulu ndinayamba kuimva m'msana, kukoka pang'ono kumanzere, kukoka pang'ono kumanja. Abambo anamva zomwezi. Lole ina itatipitirira, ngolo inagwedeza mchira katatu isanakhazikike, ndipo amuna anga anagwira chiwongolero mpaka mitsempha kutuluka.

"Mwina tikhote, tidzere njira yakumunsi."

"Mlatho wake anatseka. Mwaiwala?"

"Injini ikumveka ngati ikutentha."

"Munakonza ndinu. Muvi woonetsa kutentha uli pakati."

Patsogolo panaoneka kashedi ka wamatayala, ndipo kupitirira apo msewu unkazimiririka kutsikira kumunsi. Pabenchi la kashediko panakhala anthu awiri, Chimimba ndi munthu wina wovala jekete wamba, chipewa atachikokera kumaso. Amuna anga sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pamtsetse.

Anaponda mabuleki. Tinaima pomwe anaima abambo.

"Tiyeni," ndinatero. "Giya wani, pang'onopang'ono. Abambo ankatero."

"Tisunthe kaye bokosi."

"Chifukwa chiyani? Ndodo yavomera."

"Amayi, ndipatseni kiyi wa loko."

"Zaka makumi atatu ndodo imeneyi sinanamepo. Inu mukuidziwa kuposa mwini wake? Yendetsani."

Anatsegula chitseko n'kudumphira pansi. Ndinawatsatira ndi ndodo. Anali kumbuyo kwa galimoto akukoka unyolo ndi manja ngati angaudule.

"Mukufuna tife tonse? Bokosili lipite kutsogolo! Bampala itsike zala zitatu kupitirira mzerewo, apo ayi ine sindikwera!"

"Zingati?"

"Zitatu! Ndanena zitatu!"

Wamatayala anasiya kupopa.

Ndinapita pabenchi, Chimimba anandipatsa chinthu chokulungidwa m'chiguduli chimene ndinamusungitsa. Ndinamasula, ndinaimika ndodo ziwirizo pamodzi pa phula, ndinaika zala zanga pakati pa mizere iwiriyo. Zinakwana ndendende.

"Ine sindinakuuze kuti zitatu," ndinatero. Aka kanali koyamba chikwatiranireni kumuyankhula popanda ulemu. "Kapitawo sakudziwa. Wakuuza ndani, iwe?"

Anayang'ana ndodo ya timadontho ija. Kenako anakhala pa mkono wa ngolo.

"Ankafuna kundithamangitsa ngati galu," anatero. "Pamaso pa anthu. Zaka khumi ndikuwagwirira ntchito! Sindinkafuna afe, amayi, ndikulumbira. Ndinkati angogwera m'ngalande, achite mantha, akhale pakhomo. Ndinkati..."

"Unkati pamtsetse uwu pali ngalande?"

Wa jekete uja anadzuka pabenchi n'kuvula chipewa. A sajeni anatulutsa unyolo wawo waung'ono m'thumba.

Sindinama, ndodo ya abambo inali m'manja mwanga ndipo mutu wake unali pomwepo, wowerama, wopanda chipewa. Dzanja linakwera lokha. Chimimba anandigwira pamkono ndi chikhatho chake cha mabala chija.

"Usaidetse," anatero. "Ndi ndodo ya ntchito."

Ndinaitsitsa. M'malo mwake ndinamuponyera yabodza ija pamiyendo. "Tenga chikumbutso chako."

A sajeni atamukweza m'lole ya Chimimba, anabwerera kwa ine akukanda m'mutu.

"Mayi, mwatiika pa moto lero. Akanapanda kuima?"

"Kabuku kanu kaja muli nako?"

Anakatulutsa. Ndinawapezera tsambalo ndekha ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka anakhwatcha mawu aja, kusasamala kwa dalaivala, kawiri, cholembera chikuboola pepala.

Funso lawo sindinaliyankhe, ndipo sanalibwereze. Tinamasula maunyolo, Chimimba ndi wamatayala anakankha bokosi ndi mapaipi, ine nditagwada pa bampala ndi ndodo yeniyeni. Pikapu inakhala pansi pang'onopang'ono mpaka chitsulo chinagunda chala changa pamzere. Ndinakwera ndekha, ndinaika giya wani, ndinatsika mtsetse wonse ngolo ili phee kumbuyo kwanga. Wanjinga wina anandipitirira akuseka ndipo ndinamusiya apite.

Ndinkayendetsa nditaweramitsa mutu, chifukwa denga la mbali ya dalaivala ndinkalidziwa. Pokonza paja, mbali ya wokwera ndinawotcherera mapaipi awiri olimba, oti galimoto itagubuduka katatu munthu n'kutuluka wamoyo. Mbali ya dalaivala ndinangowongola malata akale aja ndi hamala, n'kupaka penti.